A Pothachan ndi Makalata a Eni Ake

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi nonse amene mwayenda m'mvula iyi kudzatiperekeza, mundilole mphindi zingapo. Ine ndine Korah, mng'ono wawo wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndiwerenga pang'onopang'ono, chifukwa masiku atatuwa atitopetsa tonse, ndipo maso anga si aja akale.

Malemu achimwene anga, a Vazhayil Idicula Pothen, amene mudzi wonse unkawatcha a Pothachan, anabadwa pa 14 Malichi 1948 m'nyumba yakale ija ya kumtunda kwa tchalitchi chino, imene masiku ano timaumitsiramo mphira. Anali mwana woyamba wa bambo Idicula ndi mayi Aleyamma. Tinabadwa anayi. Alongo athu awiri anatsogola kale, ndiye kuyambira Lachiwiri lapitali ndatsala ndekha.

Mu 1954 anayamba sukulu ya mpingo kutsidya kwa mtsinje wa Pamba, kumene ankawoloka pa bwato m'mawa uliwonse. Mu 1961, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anagwa mu mtengo wa mango akundithyolera ine zipatso, nathyoka mwendo wamanzere. Anaumanga ndi timitengo ndi mafuta monga tinkachitira nthawi imeneyo, ndipo unapola wofupikirapo. Kuyambira pamenepo ankayenda chotsimphina, kayendedwe kamene nonsenu mukukadziwa. Anagona pa mphasa miyezi itatu. Aphunzitsi awo ankawabweretsera mabuku ochokera ku laibulale ya m'mudzi muno, imene makolo athu anali atangoyambitsa kumene potolera mabuku khomo ndi khomo. Mayi athu ankanena kuti mwana wawo anagwa mu mtengo n'kugwera m'mabuku, ndipo sanadzukemonso.

Anamaliza kalasi ya khumi mu 1964, nakachita chaka chimodzi ku koleji ku Thiruvalla. Bambo athu atadwala chifuwa, achimwene anabwerera kudzagwira mpeni wochekera mitengo ya mphira kuti ine ndi alongo athu tipitirize sukulu. Sanatiwerengere zimenezi tsiku ndi limodzi lomwe.

Pa 1 Juni 1971 komiti inawapatsa makiyi a laibulale, ndipo anawasunga zaka makumi asanu ndi ziwiri. M'mawa ankacheka makungwa a mitengo ya mphira kuti utomoni utuluke, masana ankasamba n'kutsetsereka ndi ambulera yawo yakuda atayikoleka pa kolala kumsana, n'kutsekula chitseko nthawi ya 3 koloko. Amene munakulira muno mukudziwa kuti laibulale yathu sinakhalepo malo a chete. Ocheka mphira ankakanganiramo za ndale ndi nyuzipepala m'manja, wailesi inkalira, achinyamata ankasewera tchesi pakhonde. Woyendera malaibulale wina atadandaula za phokosolo, achimwene anamuyankha kuti, "Bwana, kumanda n'kumtunda uko. Kuno kuli amoyo."

Tsopano ndinene za khalidwe lawo limodzi, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepo.

Anthu amaiwala zinthu m'mabuku. Ana ankaiwalamo nthenga za pikoko zimene ankabisa pakati pa masamba kuti ziswane. Akuluakulu ankaiwalamo zithunzi, mapepala a kuchipatala, ndi makalata: ena olandira, ena oti analemba koma mtima wowatumiza unawathera. Buku lililonse likabwezedwa, achimwene ankalikutumula kaye asanalibwezere pa shelefu. Akapezamo kanthu, sankatsegula, ndiponso sankaitana mwini wake pagulu. Ankakasunga m'sutikesi yachitsulo imene anapita nayo ku koleji. Tsiku limene munthuyo wabwera kudzabwereka buku lina, ankalowetsa kanthu kaja kuseri kwa chikuto, n'kudinda tsiku lobwezera, n'kumufunsa za mvula. Munthu ankakazindikira ali kwawo. Palibe ankathokoza, palibe ankachita manyazi. M'sutikesimo munkatsala za anthu okhawo amene sanabwerenso.

Mu 1973 bambo wina, amene sindimutchula chifukwa adzukulu ake ali pano, anabwera atakwiya kudzafunsa zimene mwana wake wamkazi ankawerenga ndi zimene ankabisa m'mabukumo. Achimwene anati, "Amawerenga mabuku, bambo. Inunso ndikupatseni limodzi? Lilipo la matenda a ng'ombe, lili ndi zithunzi." Bamboyo anatuluka atanyamula buku la ng'ombe.

Pa 12 Meyi 1975 anamanga ukwati woyera m'tchalitchi chino ndi mayi Rahelamma a ku Kumbanad, alamu anga amene akhala apawa. Mulungu anawapatsa ana awiri: Suja mu 1977, amene ndi namwino ku Kuwait, ndi Reji mu 1980, amene amagwira ntchito ya magetsi ku Sharjah. Alamu anga amati anakwatiwa ndi mwamuna wa mitala, ndipo mkazi wamkulu anali nyumba ya mabuku ija.

Chosangalatsa chawo china chinali mafilimu. Loweruka loyamba la mwezi ankakwera basi awiriwa kupita ku Ranni kukaonera. Chimene chinkawaseketsa ndi mmene mafilimu amaonetsera anthu a ntchito yawo. Ankati woyang'anira laibulale wa mu filimu amakhala wamitundu itatu basi: wogona pa tebulo, woika chala pakamwa kuletsa anthu kutsokomola, kapena mtsikana wa magalasi amene akangowavula wasanduka chiphadzuwa. "Ine ndikavula anga ndimagunda chitseko," ankatero. Nthawi imeneyo ankaseka, chifukwa anali mafilimu a anthu ena.

Mu Okotobala 2008 kunabwera anthu opanga filimu, akufuna laibulale yakale ya matailosi padenga. Ine ndinali mlembi wa komiti, ndipo ndine ndinawalandira. Achimwene sanafune. Anati, "Korah, anthu awa adzasuntha mashelefu, mabuku adzasokonezeka." Ine ndinati, "Achimwene, mudzi wathu uoneke nawo pa kanema. Kodi tizingodziwika ndi udzudzu?" Anandiyang'ana, napereka makiyi.

Wolemba nkhani ya filimuyo anali munthu waulemu, wodziwa kumvetsera. Tsiku lina masana anandigulira tiyi ndi nthochi zokazinga pa kantini ya pa mlatho, n'kundifunsa za achimwene. Ine, pofuna kumveka wodziwa zinthu, ndinati, "Mukuwaona akutsimphina apowo? Zinsinsi za mudzi wonse uno zadutsa m'manja mwawo. Makalata a chikondi a zaka makumi atatu ali m'sutikesi pansi pa tebulo lawo." Ndinamutengera mkati n'kumuonetsa sutikesiyo. Sindinaname, koma mbali yofunika ija, yakuti satsegula, sindinaitchule. Inkaoneka ngati ichepetsa kukoma kwa nkhani.

Filimuyo inatuluka mu Epulo 2009. Dzina lake silitchulidwa m'nyumba ya Mulungu muno ndi pakamwa panga. Mudzi unabwereka mabasi awiri kupita ku Ranni, achimwene ndi alamu anga atakhala kutsogolo ngati akwati. Laibulale yathu itaoneka ndi chikwangwani chake chenicheni, anthu anaomba m'manja. Kenako panatulukira woyang'anira laibulale wa mu filimumo: wotsimphina mwendo wamanzere, ambulera yakuda pa kolala, nsalu yam'chiuno yopindidwa ngati mmene ankapindira iwo. Anthu anaseka mpaka misozi, achimwenenso anaseka. Ndiye munthu uja anatseka chitseko, n'kutereka ketulo, n'kumamatula makalata a anthu ndi nthunzi, n'kumawawerenga akunyambita milomo. M'mawa mwake ankakaulula zonse pa kantini, mpaka ukwati wa mtsikana wina unatha. Pamenepo mizere yathu inati zii, pamene holo yonse inkapitiriza kuseka. Alamu anga amati achimwene anangowagwira dzanja n'kunena kuti, "Rahel, mwendo aukhoza."

Zimene zinatsatira ambiri mukuzikumbukira, ndipo sindikuzinena kuti wina achite manyazi pa maliro. Amayi ndi atsikana anasiya kubwera, ena mwa kufuna kwawo, ena oletsedwa kunyumba. Mayi wina amene chibwenzi cha mwana wake chinatha zaka khumi m'mbuyomo anaima pakhomo la laibulale n'kunena kuti, "Tsopano ndadziwa amene anatidya." Makondakitala a basi akawaona ankafuula kuti, "A Pothachan, ketulo yawira?" Iwo ankayankha kuti, "Yawira, mwanawe. Ubwere udzamwe khofi, koma buku lija unatenga uli sukulu ubwere nalo." Ankayankha choncho pamsewu, koma kunyumba chinangwa ndi nsomba zinkabwerera m'mbale. Mwa anthu oposa mazana anayi amene ankabwereka mabuku munatsala osakwana makumi asanu ndi limodzi. Ndipo popeza eni ake sankabweranso, sutikesi ija inadzaza ndi zinthu zosabwezedwa, zomwe anthu ankati ndi umboni.

Anthu ankafunsana kuti a filimu anadziwa bwanji za sutikesi. Ambiri anaganiza kuti achimwene anadzitama okha. Ine ndinakhala chete. Ndinasiya ulembi ndi chifukwa cha bodza, chakuti shuga wandikwera, ndipo kuyambira Meyi 2009 sindinapondenso m'laibulale. Achimwene sanandifunse kanthu. Nyumba zathu zatalikirana mitengo ya mphira makumi awiri yokha. Tinkakumana kuno Lamulungu lililonse, tinkadyera limodzi pa Khirisimasi, tinkakamba za mvula ndi za nguluwe zimene zikutha chinangwa. Zinazo ayi.

Mu Ogasiti 2010 Suja anabwera ku tchuthi ndi kompyuta yakale, nawatsekulira tsamba la laibulale pa intaneti, lija ana amati bulogu. Anawauza kuti malaibulale a m'mizinda amalembapo za mabuku atsopano ndi za misonkhano. Achimwene anafunsa kuti, "Ndiye amawerenga ndani?" Suja anati, "Aliyense, bambo, dziko lonse." Iwo anati, "Dziko lonse lili ndi ntchito zake. Bola ana a muno amene ali kunja." Anaphunzira kulemba ndi chala chimodzi, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri.

Loweruka lililonse masana ankalemba. Ankanena za mabuku amene afika, za denga limene likudontha pa shelefu ya ndakatulo, za amene wapambana tchesi, za mphaka amene waswera kuseri kwa manyuzipepala akale. Za filimu sanalembepo liwu. Koma kumapeto ankaika kamutu kakuti "Zotsala m'mabuku", n'kufotokoza chinthu chimodzi cha m'sutikesi mmene chikuonekera kunja kokha: envulopu yabuluu, yaing'ono, ya chaka chakuti, yomatidwa ndi mpunga wophika. Dzina la munthu ayi, dzina la buku ayi. Ankamaliza ndi mawu omwewo nthawi zonse: "Mwini wake abwere adzabwereke buku."

Anamwino athu a ku Kuwait ndi ku Ireland, amisiri athu a ku Dubai, ankawerenga akaweruka. Mu Disembala 2011 mayi Omana, mwana wa malemu a Raghavan opala matabwa, anabwera ku tchuthi kuchokera ku Muscat. Andiloleza kuti ndiwatchule, ali kumbuyo uko. Analowa m'laibulale muli amuna okhaokha akuwerenga nyuzipepala, nabwereka buku. Sanadikire kukafika kwawo. Anatsegula chikuto pomwepo, natulutsa envulopu yawo ya 1986, naiyang'ana pa dzuwa mbali zonse, nakanda pomatira ndi chikhadabo. Kenako anauza amuna aja kuti, "Inu a nyuzipepala, taonani. Zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mpunga wanga ukadali pomwe ndinaupaka. Amene ankati ketulo adzuke adzaone." Palibe anadzuka. Achimwene anangoti, "Omana, buku limenelo ndi la masabata awiri. Usapite nalo ku Muscat."

Kuchokera apo anthu anayamba kubwerera, mmodzimmodzi. Si onse. Ena anamwalira akukhulupirira za mu filimu, ndipo filimuyo imabwerezedwa pa kanema chaka chilichonse nthawi ya tchuthi. Tsamba lawo silinapitirirepo owerenga mazana awiri. Suja atadandaula za zimenezi, anamuyankha kuti, "Filimu ili ndi nyimbo, mwana wanga. Ine ndili ndi chala chimodzi." Ndipo Loweruka lotsatira analembanso.

Apa ndiyenera kunena za ine, ngakhale mbiri si yanga. Mu Novembala 2012 mtima unandilemera, ndipo ndinalemba kalata yowauza achimwene kuti ndine ndinalankhula pa kantini paja, ndi kuwapepesa. Kuwapatsa m'manja ndinalephera. Ndinali ndi buku la laibulale la matenda a tsabola, limene ndinabwereka filimu isanabwere. Ndinaika kalatayo mu envulopu yoyera, n'kumata, n'kuilowetsa m'bukumo. Dzina sindinalembe, kuopa kuti wina angaone. M'mawa wina, iwo ali ku mitengo, ndinakaliponya m'kabokosi kobwezera mabuku ka pakhomo. Ndinkadziwa kuti buku lililonse amalikutumula. Ine, mng'ono wawo, amene ndinaona zimene filimu inawachita, ndinaiwala chinthu chimodzi chokha chimene mudzi wonse unkakanganirana: chakuti iwo satsegula.

Lamulungu lotsatira anandipatsa moni ngati kale, nandifunsa ngati tsabola wanga wachira. Ndinaganiza kuti awerenga ndipo andikhululukira mwakachetechete. Masiku ena ndinkaganiza kuti awerenga ndipo akana. Kufunsa sindinafunse. Zaka khumi ndi ziwiri.

Pa 15 Ogasiti 2018 Pamba anasefukira, monga mukudziwa nonse. Madzi analowa m'laibulale mpaka pa shelefu yachinayi, ndipo mabuku oposa zikwi zitatu anasanduka phala. M'mawa umenewo, madzi ali m'chiuno, anthu anawaona achimwene akukwera chitunda ndi mwendo wawo uja, atasenza sutikesi pamutu. Reji anawakalipira pa foni kuti bwanji sanapulumutse kompyuta kapena mabuku odula. Anati, "Mabuku ndi athu, tidzapempha ena. Izi ndi za eni." Ana a muno amene ali kunja atawerenga pa tsamba lija za chigumula, anatumiza mabuku m'makatoni chaka chonse, mpaka mashelefu anadzazanso. Koma achimwene sanabwererenso mphamvu zawo. Ankakhala pansi kawirikawiri, ndipo ankati fungo la matope silikuchoka m'mphuno.

Pa 3 Malichi 2023 anagwa akutsekula chitseko cha laibulale, ndipo mbali yakumanja inafa. Anagona m'chipatala ku Kozhencherry masabata asanu, kenako kunyumba miyezi khumi ndi isanu. Makiyi anawapereka kwa mayi Sindhu, amene akuyang'anira laibulale panopa. Chala cholembera chija chinali cha dzanja limene linafa, ndiye ankanena mawu movutikira, alamu anga n'kumalemba pa pepala, mayi Sindhu n'kukaika pa tsamba. Alamu anga anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala la mpunga masiku onsewo, okha, msana wawo uli wowawa kale. Ine ndinkapita madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, kukakhala pambali pa bedi. Tinkamvetsera mvula. Lachiwiri pa 9 Julayi 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, anatisiya mwakachetechete ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Ine tsamba lawo ndinali ndisanaliwerengepo. Ndinkati za intaneti sindizidziwa, koma chenicheni ndinkaopa kupezamo dzina langa. Lachitatu Suja atafika, tinakhala pakhonde kusankha zoti zilowe m'mbiri ino, ndipo anayamba kundiwerengera pa foni yake. Anafika pa Novembala 2012. Panalembedwa kuti: "Envulopu yoyera, yopanda dzina, yomatidwa mothina ngati mwini wake ankaopa kuti ithawa. Mwini wake abwere adzabwereke buku." Novembala 2013, yomweyo. Chaka ndi chaka, yomweyo. Ya 2019 inati: "Envulopu yoyera ija yapulumuka madzi. Mwini wake amakhala pafupi, ndipo ali ndi miyendo iwiri yabwino kuposa yanga." Yomaliza ndi ya Novembala chaka chatha, yolembedwa ndi dzanja la alamu anga: "Envulopu yoyera ikadalipo. Ine ndatopa, koma iyo siitopa."

Ndinayang'ana alamu anga. Anati, "Alamu, musandiyang'ane choncho. Ankadziwa kuti ndi yanu, buku la tsabola anabwereka ndi inu. Ine ndinawauza kangapo kuti, bambo a Suja, tsegulani, mwina walembera inu. Ankati, ilibe dzina langa. Ikanakhala yanga akanandipatsa m'manja. Korah ali ndi pakamwa, mudzi wonse ukudziwa."

Ndinafunsa ngati ankadziwa za pa kantini. Alamu anga anaseka pang'ono, koyamba sabata ino, nati, "Amene anali ndi kiyi wina wa laibulale anali ndani? Anadziwa tili m'basi yobwerera ku Ranni. Si zimenezo zimene ankadikira. Ankadikira kuti mulowe."

Ndinapempha kuti andipatse envulopuyo. Anakana. Anati, "Njira yake mukuidziwa." Ndiye dzulo masana, ndi mvula yomweyi, ndinatsetsereka, n'kulowa pa chitseko chimene ndinachizemba zaka khumi ndi zisanu. Mpando wawo uli pomwe unali, ndipo pansi pali pokumbika pamene ankatsamiritsa mwendo. Mayi Sindhu anandifunsa kuti, "Amalume, mukufuna buku lanji?" Ndinati lililonse. Anandipatsa la matenda a ng'ombe, nadinda tsiku, nandifunsa ngati madzi alowa m'munda mwanga. Anaphunzitsidwa bwino.

Envulopuyo ndi iyi ili m'manja mwangayi. Ndikupempha abusa ayambe ndi iwo kuiyang'ana, kenako idutse m'mizere yonse mpaka kwa amene aima panja ndi maambulera. Muikande pomatira ngati mmene anachitira mayi Omana. Munthu amene anali ndi chifukwa chonse chofunira kudziwa zimene mng'ono wake walemba anaisunga zaka khumi ndi ziwiri osaitsegula. Ngati sanatsegule iyi, ya ndani akanatsegula? Amene mtima wanu unkakayikabe za kalata yanu, kapena ya mwana wanu, kapena ya mayi anu, mupite kwanu lero mutapepukidwa.

Inenso sinditsegula. Mawu ake ndikuwadziwa, ndipo achimwene ankafuna a pakamwa. Achimwene, ndine ndinawaonetsa anthu aja sutikesi yanu. Ndine ndinakupangani choseketsa pofuna kuti mlendo andione wochenjera. Anthu atakunenani ndinakhala chete, inu n'kusenza zanga, monga munachitira pa mtengo wa mango paja. Pepani. Ndabwera mochedwa, koma ndabwereka buku.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Rahelamma, ana awiri, Suja ndi amuna ake a Eapen, Reji ndi akazi ake a Tessy, adzukulu anayi, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso zinthu makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'sutikesi yachitsulo, imene ikhalabe pansi pa tebulo la laibulale. Mayi Sindhu avomera kupitiriza kuzilemba pa tsamba lija Loweruka lililonse. Amene akudziwa kuti chake chili mmenemo safunika kunena kanthu kwa munthu. Laibulale imatsekulidwa 3 koloko.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene ankabwera kudzapemphera Lachinayi lililonse, anamwino oyendera odwala m'makomo amene ankakwera chitunda chathu kawiri pa sabata, a Hameed amene galimoto yawo inali yokonzeka nthawi iliyonse popanda kufunsa, anyamata amene akumba manda m'dothi lonyowa, ndi ana a muno amene ali kunja, amene mauthenga awo adzaza tsamba lija kuyambira Lachiwiri. Tikachoka kumanda, phala la mpunga ndi mphodza zakonzedwa mu holo ya mpingo. Musapite ndi njala.

Achimwene, mwendo uja wayenda mokwanira. Makiyi ali m'manja abwino. Gonani, mupume mu mtendere wa Ambuye mpaka tsiku limene tidzaonane.